Tirigu wosakonola m'mbale ya kadzutsa: mukudyamo chiyani?

Njere ya tirigu ndi yaing'ono, koma ili ndi zigawo zitatu zosiyana ntchito. Kunja kuli gaga, khungu lofiirira lija, lomwe limatenga magawo pafupifupi 14 pa 100 alionse a kulemera kwa njereyo. Mkati muli ufa woyera wodzaza sitachi, magawo 83 pa 100. Kumunsi kuli kamtima komwe mbewu imamerera, kosafika n'komwe magawo 3. Opanga ufa woyera amachotsa gaga ndi kamtimako mwadala, chifukwa kamtima kali ndi mafuta omwe amawonongetsa ufa ukakhalitsa. Tsoka lake n'lakuti zigawo ziwiri zochotsedwazo n'zimene zimasunga fayiba wambiri, mavitamini a gulu la B, vitamini E, ayironi, zinki ndi maginiziyamu. Cereal (chakudya cha kadzutsa chogulitsidwa m'mabokosi) ya tirigu wosakonola ndi yopangidwa ndi njere yonse, osachotsapo kanthu, ndipo ubwino wake wagona pomwepo.

Mwa zonsezi, chimene ndimachiwerengera kwambiri ndi fayiba, gawo la chomera limene mimba yathu silitha kugaya. Magalamu 100 a ufa wa tirigu wosakonola amakhala ndi fayiba wokwana magalamu pafupifupi 11, pamene ufa woyera uli ndi 3 basi. Fayiba wa tirigu wambiri sasungunuka m'madzi. Amadutsa mpaka m'matumbo aakulu atamwa madzi ngati chinkhupule, choncho chimbudzi chimafewa n'kumatuluka mosavuta. Munthu wodzimbidwa amaona kusintha m'masiku ochepa. Gawo lina limadyedwa ndi mabakiteriya abwino okhala m'matumbomo, ndipo zimene iwo amatulutsa zimadyetsa maselo a matumbowo.

Bungwe la WHO limalangiza akuluakulu kudya fayiba wosachepera magalamu 25 patsiku, koma anthu ambiri padziko lapansi safika n'komwe pa 20. Mu 2019 magazini ya zachipatala ya The Lancet inafalitsa kafukufuku wamkulu amene bungweli linapempha, wophatikiza zofufuza za zaka pafupifupi 40. Anapeza kuti pakati pa odya fayiba wambiri, imfa ndi matenda a mtima, sitiroko, shuga wa mtundu wachiwiri komanso khansa ya m'matumbo zinali zocheperako ndi magawo 15 mpaka 30 pa 100 poyerekeza ndi odya wochepa. N'zoona kuti odya bwino nthawi zambiri amadzisamaliranso m'njira zina, koma umboniwu wakhala ukubwerezabwereza moti sitingaunyalanyaze. Chokhacho, musayembekezere kuti tirigu atsitse kolesitero kwambiri. Ntchito imeneyo imagwiridwa bwino ndi fayiba wosungunuka wa mu oats ndi balere.

Nanga mbale imodzi ikupatsani zingati? Magalamu 40 a cereal yopanda zowonjezera amapereka makalori pafupifupi 140, fayiba magalamu 4, ndi mapuloteni magalamu 4 kapena 5. Ndi chiyambi chabwino cha tsiku, koma 4 pa 25 ndi kagawo chabe. Zotsalazo muzipeza mu nyemba, ndiwo zamasamba ndi zipatso. Mapuloteni a tirigu nawonso ndi operewera, chifukwa ali ndi lysine wochepa, chimodzi mwa zomangira thupi zimene thupi silitha kudzipangira. Mkaka kapena yogati zili nacho chambiri, ndiye kuthira mkaka sikungofewetsa chakudyacho ayi, kumakwaniritsa chosowacho.

Nkhani ya ayironi ndi yokhotakhota pang'ono. Gaga yemweyo amene ali ndi ayironi ndi zinki alinso ndi phytate, yemwe amagwira michereyi n'kuiletsa kulowa m'magazi yonse. Tiyi ndi khofi zimawonjezera vutoli, pamene vitamini C amalichepetsa. Amene magazi ake ndi ochepa adye lalanje kapena chipatso china chowawasa pamodzi ndi cereal, tiyi n'kudzamwa patapita ola limodzi. Makampani ambiri amathiramo ayironi ndi folic acid pofuna kuwonjezera michere, ndipo amalemba pa bokosi.

Pabokosi pomwepo m'pamene pamandidetsa nkhawa. Pamene Henry Perky ankayamba kupanga cereal yotchedwa shredded wheat ku Denver, ku America, m'zaka za m'ma 1890, munalibe china koma tirigu wophika. Lero mawu akuti tirigu wosakonola amalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu ngakhale pa cereal yomwe gawo limodzi mwa anayi ndi shuga, ndipo zambiri zotere amazikongoletsera ana. Kholo limagula ndi mtima wabwino, osadziwa kuti likupereka switi m'mawa uliwonse. Tembenuzani bokosilo. Zopangira zimandandalikidwa kuyambira chochuluka, choncho tirigu wosakonola akhale woyamba. Kenako yang'anani manambala a pa magalamu 100, osati a mbale imodzi, poti mbale imene iwo amawerengera ndi yaing'ono kuposa imene ambiri timathira. Fayiba akhale magalamu 6 kapena kuposa, womwe ndi mlingo umene malamulo a ku European Union amalola kutchula chakudya kuti chili ndi fayiba wambiri. Ku Britain, shuga wosapyola magalamu 5 amawerengedwa kuti ndi wochepa, wopyola 22.5 ndi wochuluka. Uchi, madzi a zipatso owiritsa ndi manyuchi, zonsezo thupi limazilandira ngati shuga. Mchere nawo umabisalamo, pamene malire a tsiku lonse ndi magalamu 5.

Odwala shuga amvetsere bwino apa. Njere ikaphikidwa, kuphwanyidwa n'kuumitsidwa kukhala topyapyala kapena tofufuma, sitachi yake imagayika msanga, ndipo shuga wa m'magazi amakwera mofulumira ngakhale gaga alimo. Njere zosweka mokhakhala kapena zathunthu zimagayika pang'onopang'ono. Choncho yezani mlingo, idyani ndi yogati yosatsekemera kapena mtedza, ndipo ngati muli ndi kachipangizo koyezera, onani mmene shuga alili patapita maola awiri.

Pali ena amene chakudyachi sichiwayenera. Pafupifupi munthu mmodzi pa 100 ali ndi matenda a coeliac, omwe gluten, puloteni wa mu tirigu, amawononga matumbo, ndipo kwa iwo ngakhale pang'ono n'poopsa. Osazolowera fayiba ayambe pang'onopang'ono akumwa madzi okwanira, apo ayi mimba imadzaza mpweya. Mwana wosafika zaka ziwiri asamadye za tirigu wosakonola zokhazokha, chifukwa kamimba kake kamadzaza msanga asanapeze mphamvu zokwanira zokulira.