Mkungudza wa pa guwa ndi mkungudza wa m'phiri la Mulanje

Mkhristu amene anakulira m'tsinde mwa phiri la Mulanje ankalimva dzina la mkungudza m'malo awiri. Lamulungu ankalimva pa guwa, mlaliki akamawerenga za mikungudza ya ku Lebano imene Solomo anamangira kachisi, ndipo mkati mwa sabata ankalimva panjira ya ku Likhubula, pokumana ndi anyamata otsika kuchokera ku Chambe, thabwa lalitali lili pa nkhata, thukuta lili kamukamu, fungo lokoma la mtengowo likutsalira m'mbuyo mwawo. Mitengo iwiriyi si ya mtundu umodzi, koma Baibulo lathu limatchula wa ku Lebano ndi dzina lomwelo la wa kwathu, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti ife amene tinkalemekeza wa ku Lebano m'mapemphero tinaonerera wathu ukutha.

Mkungudza wa ku Mulanje sumera mwachilengedwe kwina kulikonse padziko lapansi. Mu 1891 Alexander Whyte, katswiri wa zomera amene ankagwira ntchito pansi pa Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda, anakwera phirili n'kutenga nthambi zake, ndipo n'chifukwa chake akatswiri amautcha Widdringtonia whytei. Azungu sanachedwe kuzindikira zimene eni dera ankadziwa kale, zoti thabwa lake silidyedwa ndi chiswe ndipo siliwola msanga, kotero kuti zaka za m'ma 1890 zisanathe macheka anali atayamba kulira pamwamba pa phiri. Inali nthawi yomweyo imene Henry Brown anadzala tiyi ku Mulanje, mbewu imene inalowa m'dziko muno kudzera ku mishoni ya Church of Scotland ku Blantyre. Minda ya tiyi itatenga nthaka yabwino ya m'chigwa, ndipo Alhomwe ambiri atafika kuchokera ku Mozambique n'kukhala pansi pa thangata, anthu anapanikizika pa timinda tating'ono, phiri n'kusanduka nkhokwe yokhayo ya munthu wosauka. Wowerenga 1 Mafumu 5 amapeza kuti nayenso Solomo anatumiza amuna 30,000 ku Lebano mokakamiza, 10,000 mwezi uliwonse, ndipo agogo athu sakanafuna wowamasulira ndime imeneyo.

Boma la atsamunda linalengeza phirili kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1927, ndipo mu 1984 Dr. Kamuzu Banda anautcha mkungudza mtengo wa fuko. Ulemu wa papepalawu sunaupulumutse. Lamulo linkalola kucheka mitengo yakufa yokha, ndiye ena anaphunzira kuikungunula makungwa kapena kuitentha patsinde kuti chaka chamawa ipezeke itauma. Moto wa alenje unkapsereza timitengo tongomera kumene. Paini amene anadzalidwa ku Chambe anafalikira n'kulanda malo, ndipo m'zaka za m'ma 1980 kunabwera nsabwe za m'mitengo zimene zinafooketsa yotsalayo. Pamene akatswiri anayendera phiri lonse mu 2017, anapeza mikungudza ikuluikulu yamoyo isanu ndi iwiri yokha.

Pali mbali ina ya mbiriyi imene ife a mpingo sitikonda kuikamba. Makolo a Chimang'anja, Chiyao ndi Chilhomwe ankaliopa phirili monga mudzi wa mizimu. Dzina loti Sapitwa, nsonga yotalika mamita 3,002, likunena lokha, ndipo mpaka lero akuluakulu amasimba kuti munthu akapeza chakudya chokonzeka m'nkhalangomo amayenera kudya yekha osaitana mnzake. Mantha amenewa anali mpanda, chifukwa munthu sankalowa ndi nkhwangwa pamalo othirira nsembe. Uthenga Wabwino unatimasula ku manthawo, ndipo ine sindikulakalaka kuti abwerere, koma pozula mpanda wakale tinayenera kuzika wina. Mitengo yake inalipo kale m'Genesis 2:15, pamene munthu anaikidwa m'munda kuti aulime ndi kuusamala, koma kwa zaka zambiri maulaliki athu ankakhazikika pa za kumwamba, ngati kuti nthaka imene tikupondayi ilibe Mwini wake.

Pamenepa ndi pamene pagona mkangano umene umabuka anthu akamakamba za phiri. Ena amaloza chala ocheka matabwa ndi owotcha makala, koma mnyamata amene amatsika phiri opanda nsapato atasenza thabwa sapeza phindu lalikulu. Amalemera ndi amene amadikira ndi galimoto kumunsi. Ndipo wogula ndani? Thumba la makala limathera m'khitchini mwa Mkhristu wa m'tauni, ndipo uvuni wa njerwa zomangira tchalitchi chatsopano umameza mitengo yambirimbiri usiku umodzi, akulu a mpingo akusonkhezera okha moto mosinthana.

Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, matope ndi miyala zinatsika m'mapiri a Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Blantyre, n'kupha anthu oposa 1,000 m'dziko muno. Okalamba anati wadutsa Napolo. Mvulayo inali yoopsa moti ngakhale nkhalango yowirira sikanaletsa zonse, komabe aliyense anaona mmene madzi amathamangira pa mtunda wometedwa. Matchalitchi ndi masukulu ndiwo anasanduka misasa ya opulumuka.

Mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse, makamaka chifukwa cha miyambo ya makolo yomwe ija. Ntchito yobwezeretsa mkungudza, imene bungwe losamalira phirili la Mulanje Mountain Conservation Trust likugwira pamodzi ndi nthambi ya zankhalango, yatsamira pa anthu a m'midzi yozungulira, ambiri mwa iwo amayi omwe Lamulungu timakhala nawo m'tchalitchi. Iwo amafesa njere m'timachubu, kuthirira nazale m'chilimwe chonse, ndipo mvula ikagwa mbandezo zimasenzedwa pamutu kukwera njira yomwe ija matabwa ankatsikira. Dzinja likatha pamatsala ntchito yolambula njira zotchinga moto, chifukwa moto wa tsiku limodzi mu Okutobala umatha kupsereza mbande zonse zimene zinadzalidwa m'zaka zisanu.