Wophonya penate sindiye yekha waluzitsa timu

Pa 11 Julayi 2021, pa bwalo la Wembley mumzinda wa London, England ndi Italy zidalepherana 1-1 mu ndime yomaliza ya chikho cha Euro 2020, ndipo nkhani idakathera ku mapenate. Italy idapambana 3-2. Anyamata atatu a England adaphonya motsatizana: mpira wa Marcus Rashford udagunda chitsulo, wa Jadon Sancho ndi wa Bukayo Saka adautchinga goloboyi Gianluigi Donnarumma. Kusanache, masamba a atatuwa pa Instagram ndi Twitter adali atadzaza ndi zotukwana, zambiri zonyoza khungu lawo lakuda. Chithunzi cha Rashford chojambulidwa pakhoma ku Withington, mumzinda wa Manchester, nacho chidalembedwa zachipongwe.

Za tsankho palibe chokambirana, ndi mlandu, ndipo apolisi adamanga anthu. Koma pansi pa mkwiyowo pali ganizo lomwe ngakhale sapota wakhalidwe amakhala nalo, lakuti amene waphonya ndiye waluzitsa. Munthu akadziwa momwe penate imayendera, ganizo limeneli salikhulupiriranso.

Mpira umayikidwa mamita 11 kuchokera pagolo, ndipo golo ndi lotambalala mamita 7.32, kutalika kwake mamita 2.44. Mpira womenyedwa mwamphamvu umafika theka la sekondi lisanathe, choncho goloboyi nthawi zambiri amachita kulota mbali yodumphira. Apa ndi pomwe woonera amati penate ndi chigoli chaulere. Komatu ngakhale mwa akatswiri, pa mapenate anayi alionse amalowa ndi pafupifupi atatu. Usiku wa ku Wembley, pa mapenate 10 adalowa ndi asanu okha. Andrea Belotti wa Italy adaphonya. Jorginho, katswiri wodziwika pa mapenate, nayenso goloboyi wa England Jordan Pickford adamutchingira. Awiriwa sakumbukiridwa ndi zimenezi chifukwa timu yawo idanyamula chikho.

Chimene chimavuta si mwendo ayi. Wosewera amayenda yekha mamita oposa 40 kuchokera pamzere wapakati, mtima ukugunda mothamanga, mpweya ukuthera pachifuwa. Minofu ya m'chiuno ndi m'ntchafu, yotopa kale ngati wasewera mphindi 120, imauma. Maso amakakamira pa goloboyi, ndipo mpira umakonda kulondola komwe maso ayang'ana. Choipa kwambiri nchakuti munthu amayamba kuganizira zinthu zomwe thupi limachita lokha tsiku ndi tsiku, monga poponda phazi loimira ndi mbali ya phazi yomenyera, ndiye kayendedwe kake kamasokonekera. Geir Jordet, katswiri wa ku Norway amene wafufuza mapenate kwa zaka zambiri, adapeza kuti osewera othamangira mpira wezulo itangolira amaphonya kwambiri kuposa amene amayamba aima kaye nkupuma. Adapezanso kuti penate yoti ikalowa timu yapambana imalowa maulendo oposa 9 pa 10, pomwe yoti ikaphonyedwa timu yatuluka imalowa maulendo pafupifupi 6 okha pa 10. Saka adapatsidwa ya mtundu wachiwiriwu, ali ndi zaka 19, asanamenyepo penate m'gemu ya akuluakulu.

Nanga adamuika pamenepo ndani? Lamulo limati omenya mapenate akhale okhawo amene ali m'bwalo pomwe woyimbira akutseka gemu. Nchifukwa chake mphunzitsi Gareth Southgate adalowetsa Rashford ndi Sancho m'mphindi ya 120. Adafika pa mapenate thupi lisanatenthe, mpira asanaukhudze mokwanira, chikhalirecho akudziwa kuti alowetsedwera chinthu chimodzi basi. Ine ndimaona kuti wosewera wolowetsedwera mapenate azipatsidwa mphindi 10 kapena 15 zoti athamange, apatsirane mpira ndi anzake, aiwaleko zomwe zikubwera. Southgate, amenenso adaphonya penate pa bwalo lakale la Wembley mu 1996 posewera ndi Germany, adanena poyera usiku womwewo kuti mndandanda wa omenya adausankha ndi iye. Adachita bwino, ndipo ndiyo ntchito ya mphunzitsi. Onjezanipo kuti England idagoletsa m'mphindi yachiwiri kudzera mwa Luke Shaw, kenako nkubwerera kumbuyo mpaka Leonardo Bonucci adabweza m'mphindi ya 67. Gemu idayamba kupulumuka m'manja mwawo kalekale mapenate asanafike. Kungoti cholakwa chomaliza ndicho chimatsala m'maso mwa anthu.

Kutukwana kumaononga timu yomwe wotukwanayo akuti amaikonda. Wosewera wonyozedwa amayamba kusewera mozemba: mpira woti awombere amapatsira mnzake, kuti zikavuta mlandu usamugwere. Anzake nawo amaona zomwe zamuchitikira, ndiye tsiku lina mphunzitsi akafunsa ofuna kumenya penate, onse amangoweramitsa mitu. Kubetcha kwaonjezera moto, chifukwa munthu amene tikiti yake yafa ndi penate imodzi amaona ngati wosewerayo wamubera ndalama m'thumba, ndipo foni imamufikitsa kwa iye nthawi yomweyo. Kafukufuku amene FIFA idatulutsa mu 2022 adaonetsa kuti osewera oposa theka mwa amene adasewera ndime ziwiri zomaliza za Euro 2020 ndi chikho cha maiko a mu Africa cha AFCON 2021 adalandira mauthenga achipongwe.

M'mabwalo athu mawu ofala ndi akuti "wagulitsa gemu". Awa si mawu ochezera. Kumeneko nkumuimba munthu mlandu wa katangale popanda umboni, ndipo wosewera wa kuno alibe mpanda wautali womubisa. Amakwera minibasi imodzi ndi omutukwanawo, mayi ake amakumana nawo kumsika ndi kutchalitchi. Komwe mkwiyo wotere ungafike kudaoneka ku Colombia mu 1994, pomwe Andrés Escobar, amene adadzigoletsa posewera ndi United States m'chikho cha dziko lonse, adaomberedwa nkufa mumzinda wa Medellín patangopita masiku 10.

Timu ingathe kuchepetsa zambiri ngati ikonzekera gemu isanayambe. Wosewera akaphonya, anzake amuchingamire nkumubwezera pamzere, asabwerere yekha mtunda wonse uja. Kwa atolankhani apite mphunzitsi ndi kaputeni. Wophonyayo asaikidwe pa maikolofoni usiku umenewo, chifukwa chilichonse chimene anganene ali wosweka mtima chidzazunguliridwa pa WhatsApp kwa sabata yathunthu. Kwa masiku awiri kapena atatu, masamba ake a pa intaneti awagwire munthu wodalirika, atseke malo olembapo ndemanga ndi kutchera zosefa mawu otukwana zomwe Instagram ndi Facebook zili nazo. Pamene ambiri amalakwitsa mpofufuta mauthenga mopupuluma. Uthenga woopseza ujambulidwe kaye, dzina la tsamba la wotumiza, tsiku ndi nthawi zikuoneka, kenako upite kupolisi. Ku Malawi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kuzunza ndi kuopseza munthu pa intaneti, koma popanda umboni mlandu suyenda. Achibale nawo auzidwe kuti asayankhe otukwana, poti kuyankha kumangoitana ena.

Kanema wa penateyo aonedwe mtima utakhala pansi, patapita masiku awiri kapena atatu, ali awiri ndi mphunzitsi. Zoyang'ana ndi zogwirika: adadikira nthawi yaitali bwanji wezulo italira, phazi loimira lidaponda pati, kodi adasintha maganizo ali pa liwiro? Sabata isanathe abwerere kumenya mapenate potrena, kumapeto kwa tsiku atatopa, akuyamba ulendo wake pamzere wapakati anzake akuonerera. Azitsata ndondomeko imodzi yosasintha: kuika mpira yekha, kubwerera chafutambuyo akuyang'ana golo, kutulutsa mpweya pang'onopang'ono kawiri kapena katatu, kenako kumenya komwe adasankha kale. Kumubisa ku mapenate kwa miyezi kumakulitsa mantha. Arsenal idampatsanso Saka mpira, ndipo mu Epulo 2022 adagoletsa penate posewera ndi Chelsea. Pa Euro 2024 adamenyanso mu mapenate a England ndi Switzerland, nkugoletsa.

Sikuti sapota asadzudzule ayi. Amalipira pageti, ali ndi ufulu wofunsa. Afunse amene adasankha omenya, afunse ngati timu idatrena mapenate, afunse chifukwa chomwe idabwerera kumbuyo itagoletsa. Mafunso amenewa ali ndi mayankho ndipo amapita kwa oyenera. Kutukwana mayi wa wosewera, mtundu wake kapena khungu lake sikukhudzana ndi mpira.

Osewera ambiri amabwerera mwakale pakatha masiku ochepa, koma ena ayi, ndipo amabisa poopa kutaya malo mu timu. Dokotala wa timu ndi a pabanja ayang'anitsitse ngati patatha masabata awiri munthu akusowabe tulo, sakudya, akudzitsekera m'nyumba, akujomba kotrena ponamizira kuvulala, kapena wayamba kumwa mowa mopitirira kale. Zikatero aonane ndi katswiri wa za maganizo kuchipatala. Akangoyankhula zoti moyo watopa nawo kapena zofuna kudzipha, za masabata awiri zija palibenso: asasiyidwe yekha, ndipo apite naye kuchipatala tsiku lomwelo.