Nyumba zoitanitsa pa kalata ku America

Mu 1908, kampani ya Sears, Roebuck ya ku Chicago inayamba kugulitsa nyumba kudzera m'buku lake la malonda. Munthu ankasankha pa chithunzi, n'kutumiza kalata ndi ndalama. Pakapita milungu ingapo, sitima inkasiya bogi pa siteshoni ya kwawo litadzaza matabwa, zitseko, mawindo, penti ndi misomali, mwina zidutswa 30,000. Njerwa ndi simenti za maziko ankaziona yekha.

Nzeruyi sanaiyambe ndi a Sears. Kampani ya Aladdin, ya abale awiri a banja la Sovereign ku Bay City, Michigan, inali itayamba kale mu 1906, ndipo inkadzitama kuti ibweza dola imodzi pa mfundo iliyonse yopezeka pa matabwa ake a khoma. A Sears anayamba kutumiza matabwa ochekeratu mu 1916. Thabwa lililonse linkadindidwa chilembo ndi nambala chakumapeto, bukhu la malangizo n'kumanena pokakhomera. Nthawi imeneyo akalipentala ambiri ankacheka ndi sowo yapamanja, choncho ntchito inapepuka zedi, moti ena ankangoitana achibale ndi anansi n'kudzutsa nyumba okha.

Ine ndimaona kuti chimene chinakopa anthu kwenikweni ndi ngongole. Kuyambira 1911 a Sears ankabwereketsa ndalama kwa ogula, ndipo wantchito wamba amene banki ikanamubweza pakhomo ankapeza nyumba yakeyake. Makampani nawo ankagula zambiri nthawi imodzi: mu 1918 Standard Oil inaitanitsa nyumba za ndalama pafupifupi madola 1 miliyoni zokhalamo ogwira ntchito m'migodi ya malasha, zambiri mwa izo ku Carlinville, Illinois, kumene zilipobe mpaka lero.

Koma ngongole yomweyo ndi imene inapha malondawa. Chuma chitagwa mu 1929, anthu anachotsedwa ntchito n'kulephera kubweza, ndipo kampani imene ankaikhulupirira inayamba kuwalanda nyumba zimene anakhoma ndi manja awo. Zimenezi n'zowawa kuziganizira. Pofika 1934 a Sears anali atasiya kubwereketsa, ndipo mu 1940 anatulutsa buku lawo lomaliza la nyumba, atagulitsa zoposa 70,000. Mabuku olembamo ogula anatayika, n'chifukwa chake eni nyumba lero amakwera kudenga ndi tochi kukafufuza zidindo pa matabwa, kuti adziwe ngati nyumba yawo ndi ya Sears. Aladdin inalimbikirabe mpaka zaka za m'ma 1980.