Kompyuta yosavuta, koma makiyi ali ndi ndani?

Makolo ndi aphunzitsi amandifunsa kawirikawiri ngati n'koyenera kugulira munthu wongoyamba kumene kompyuta ya Chromebook, yomwe inayamba kugulitsidwa mu 2011 ndipo imayendera pulogalamu ya Google yotchedwa ChromeOS. Ubwino wake sindiukana: imayaka msanga, mavairasi sayivutitsa kwenikweni, ndipo mwiniwake safunika kudziwa zambiri kuti ayambe kulemba.

Chimene anthu sachiona tsiku logula ndi malo amene ntchito yawo ikusungidwa. Kalata yolembedwa mu Google Docs, pulogalamu ya Google yolembera pa intaneti, imakhala pa makompyuta a kampaniyo, ndipo makiyi ake ndi akaunti yanu. Mukaiwala pasiwedi, kapena sukulu imene inakupatsani akauntiyo ikaitseka mutamaliza maphunziro, makina amakhala ali m'manja mwanu koma zolemba zanu zili kutali. Malo aulere ndi 15 GB okha, ndipo zithunzi zikadzaza, chapafupi chimakhala kulipira mwezi ndi mwezi osati kusamutsira zinthu zanu kwina. Kudalira kumayamba motero, pang'onopang'ono, popanda wina kukukakamizani.

Palinso nkhani ya zaka. Chromebook iliyonse ili ndi tsiku limene imasiya kulandira zokonza zachitetezo, ngakhale sikirini ndi batire zikhale zili bwinobwino. Mu 2023 Google inalengeza kuti nthawiyi ikhala zaka 10, koma amaziwerenga kuyambira pamene mtundu wa makinawo unatuluka, osati tsiku limene inu mwagula. Izi zikukhudza kwambiri ife amene timagula makompyuta ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera kunja. Chromebook ina imabwera idakali yolembetsedwa kusukulu yakunja, moti mukaiyatsa imangofuna akaunti ya sukuluyo, ndipo ngakhale mufufute zonse, imabwerera pomwepo mpaka eni akewo ataimasula.

Ine sindiona vuto kuti munthu ayambire pa chosavuta, pakuti mwana sayamba ndi kuthamanga. Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti ambiri amatha zaka osadziwa kuti fayilo n'chiyani kapena ili pati. Choncho amene ndikumuphunzitsa ndimamuuza kuti sabata yoyamba yomweyo atsegule kalata yake imodzi, aitsitse ngati .docx kapena PDF, aiike pa fulashi, kenako akaitsegule pa kompyuta ya mnzake ya Windows kapena Linux. Akafuna kutulutsa zonse nthawi imodzi, Google Takeout, tsamba la Google lotsitsira zimene zili mu akaunti, imathandiza, bola akhale ndi bandulo yokwanira.