Si ululu uliwonse wa pamwamba pa mchombo umene uli alisa

Ndatopa ndi mawu akuti "ndili ndi alisa". Munthu amalowa m'chipinda changa kuchipatala atanyamula kajumbo kodzaza mapaketi a omeprazole ndi mabotolo a magineziamu, wakhala akumwa kwa zaka zitatu, koma palibe amene anamuyezapo. Anangomva kwa mnzake pa depoti. Ena alidi ndi zilonda za m'mimba, sindikukana. Koma ululu umene umayambira pansi pa chifuwa n'kupyoza mpaka kumsana, umene umakula mukangodya usipa wokazinga, n'kumachepako mukakhala pansi mutawerama mawondo ali pachifuwa, umenewo ine umandiganizitsa kapamba.

Pano pali chisokonezo. Kuno tikati kapamba ambiri amaganiza za chija chimatupa kumanzere mwana akamadwaladwala malungo. Si chimenecho. Ndikunena pancreas, kachiwalo kobisala kuseri kwa chifu, kamene kamapanga insulini wochepetsa shuga m'magazi komanso madzi ogaya mafuta. Madziwo amayenda m'kanjira kopyapyala kukathira m'matumbo. Kapamba akakhala wotupa kwa zaka, m'kanjiramo mumamera miyala ya laimu, yoyera ndi yolimba. Njira ikatsekeka madzi amadzadza kumbuyo ngati mtsinje woutseka, ndipo ululu wake munthu wamkulu amalira.

Mowa ndi fodya ndiye zoyambitsa zazikulu, omwa kachasu ndawauza kokwanira. Amene sandichoka m'mutu ndi mnyamata wina wa ku Makanjira, wa zaka 24, msodzi. Nditamufunsa za mowa, bambo ake anandiyang'ana ngati ndawatukwana. "Adokotala, mwanayu ndi wa Swala zisanu, botolo sanaligwirepo." Ankanena zoona. Ulipo mtundu wa matendawa umene umagwira achinyamata osamwa m'mayiko otentha, unalembedwa ku Indonesia mu 1959 komanso ku Uganda mu 1960, ndipo miyala yake imakhala ikuluikulu. Mnyamatayo anali atawonda mpaka lamba anabowola mabowo awiri atsopano ndi msomali. Chimbudzi chake chinali chamafuta, chotuwa, chonunkha kwambiri. Ekisire wamba ya pamimba inaonetsa timadontho toyera titandandalika chopingasa msana. Shuga anali atakwera kale. Zaka zinayi zonse ankamwa mankhwala a alisa, ndipo kawiri anapita kwa sing'anga amene anamutema mphini pamimba n'kumuonetsa timiyala m'kambale, akuti watulutsa. Timiyala ta pamchenga wa kunyanja.

Miyala yeniyeni imachotsedwa bwanji? Njira yopanda kung'amba imatchedwa ERCP, yakhalapo kuyambira 1968. Wodwala amagonekedwa tulo, dokotala amalowetsa paipi yokhala ndi kamera kudzera pakamwa, kudutsa m'chifu mpaka pakhomo pamene kanjira ka kapamba kamathira. Amakulitsa pakhomopo pang'ono, kenako amakoka miyalayo ndi kadengu kawaya kapena kabaluni, ikagwera m'matumbo imatuluka ndi chimbudzi. Izi zimatheka bwino mwala ukakhala waung'ono, wosaposa mamilimita 5, ndipo uli pafupi ndi khomo. Waukulu amayamba auswa ndi makina otumiza mafunde kuchokera kunja kwa thupi, otchedwa ESWL. Njira ikakhala yofinyika amasiyamo kapaipi ka pulasitiki, kamene kamafunika kukasinthidwa pakapita miyezi. Osakaiwala mkati. Ndipo si masewera: ERCP yomweyo imatha kudzutsa kutupa kwa kapamba, kutulutsa magazi kapena kubowola thumbo, n'chifukwa chake siichitikira pena paliponse.

Achibale amafuna ndiwauze kuti miyala ikatuluka munthu wachira. Ayi. Cholinga n'kutsegula njira kuti ululu uchepe. Mbali ya kapamba imene inauma siphukanso. Ngati shuga wayamba, nthawi zambiri insulini amakhala wa moyo wonse, ndipo ngati mafuta sakugayika pamafunika makapisozi ogayitsa chakudya pa nsima iliyonse. Miyala imathanso kubwerera, makamaka kwa amene sanasiye fodya. Kwa ena kamera si yankho n'komwe. Kafukufuku wa ku Netherlands wa mu 2007 ndi wina wa mu 2020 anaonetsa kuti opaleshoni yotsegula kanjirako n'kukalumikiza ku thumbo imachepetsa ululu kuposa kamera. Choncho dokotala wa opaleshoni akakuuzani za mpeni, musathawe poganiza kuti akukumanani njira yabwino.

Tsono za mabotolo. Palibe muzu, tiyi, kapena ufa wogulitsidwa mu minibasi ya ku Liwonde umene ungasungunule mwala wa laimu uli mkati mwa kapamba. Aja amakumwetsani mafuta osakaniza ndi mandimu, mawa lake n'kukuonetsani timibulu tobiriwira m'chimbudzi, akukuonetsani mafuta anu omwe munamwa atagwirana ngati sopo. Kwa munthu wa kapamba wodwala, kapu ya mafuta imeneyo ikhoza kumugonetsa m'chipatala usiku womwewo. Ndalama imene mwawapatsa ikanakufikitsani ku Zomba Central kapena ku Queen Elizabeth ndi kalata yathu.

Mnyamata uja tinamulembera kalata ndipo tinamuyambitsa insulini. Anabwera kawiri kudzatenga ina. Mvula itayamba, msewu wa ku Makanjira utavuta, sindinamuonenso.