Nkhani isamathere pomwe mwana wagwidwa

Aphunzitsi ena a Chichewa kuno ku Dedza anandipatsa nkhani zopeka zimene ophunzira awo analemba kuti ndiwerengeko, poti ine ntchito yanga ndi ya ana olakwira malamulo. Zingapo zinali za mnyamata wakuba, ndipo mathero ake anali amodzi: wagwidwa, wapita kundende, walira, walapa. Basi.

Ndiyambe ndakonza za ndendezo. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 sililola kuti mwana alamulidwe kukakhala kundende. Wosakwana zaka 10 sazengedwa mlandu n'komwe, ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Mlandu ukakhala waung'ono, tinene waba foni pamsika wa Chimbiya, mwana akavomera timatha kukhala pansi ndi makolo ndi wobedwayo, iye n'kupepesa ndi kubweza, nkhani osapitirira kukhoti. Ukakula, khoti la ana limatha kumutumiza kumalo osulira khalidwe, monga Mpemba ku Blantyre kapena Chilwa ku Zomba.

Koma chimene chimandipweteka mtima, chimenenso olembawo sanachikhudze, ndi tsiku lobwerera kumudzi.

Ndinaperekezapo mnyamata wina kwawo. Mayi ake anamulandira ndi misozi, anamuphera nkhuku. Kutada, anatenga ndalama zogulitsa kachewere zimene ankasunga m'kachitini, n'kuzimanga kumphepete kwa chitenje, n'kugona nazo. Mwanayo anaona, anangokhala chete. Musawaweruze mayiwa. Mbuzi yawo anagulitsa pobweza za eni, ndipo kuchitsime anzawo ankasiya kulankhula iwo akafika. Bambo omupeza ankati mwanayo ndi wa kuchikazi, awone malume ake. Malumewo, eni mbumba, ankangoti adzabwera akakolola.

Nkhuku ikasowa m'mudzi, maso onse kwa iye. Ukalipentala anauphunzira bwino, koma sowo ndi hamala analibe, ndipo panalibe womukhulupirira kuti amusiyire matabwa. Kusukulu anzake anali atapita kusekondale, iye abwerere Sitandade 7 ndi ana aang'ono. Ana ambiri amene ndawaona akubwerera ku zakale amagwera pamenepa, pa miyezi yoyambirira imeneyi.

Choncho inu olemba nkhani ndi masewero a pawailesi, tilembereni mayi uyu wokonda mwana wake koma akumuopa. Tilembereni mlongo amene akunyozedwa kusukulu chifukwa cha achimwene ake. Ngati mukutengera zochitika zenizeni, dzina ndi mudzi musinthe, chifukwa lamulo lomwe lija limaletsa kuulula mwana amene anaonekera kukhoti.

Patatha miyezi ingapo ndinapitakonso. Mayi aja anandiuza kuti tsiku lina mwanayo akudya ananena motsitsa mawu kuti, "Amayi, ndalama zija muziika m'kachitini muja." Nditawafunsa ngati anabwezeradi, anayang'ana pansi n'kuti anaikamo theka.