Mawu a lamya sayezedwa ndi khutu

Mvula itangosiya chaka chino, anandiitana, monga mmisiri wa lamya, pa famu ina cha ku Chongwe kuti lamya yawo yayamba kulira yokha. Ukainyamula umamva mluzu wobaya m'khutu, ukayankhula mawu ako omwe n'kumakubwerera. Kumeneko kulibe waya wochokera m'tauni. Nambala yawo ya 0211 imathera m'kabokosi muno mu Lusaka, ndipo kuchoka apo mawu amakwera pa wailesi mpaka pa mlongoti wa pafamupo, pomwe pali bokosi lina.

Nditatsegula bokosi la kumundako, mnyamata wosamalira magetsi a sola anaulula yekha. “Abwana, akapitawo amadandaula kuti sakumva bwino, ndiye ndinapotokola tizitsulo tiwirito mpaka pothera.”

Tizitsulo ananenato ndi timene timatchera kukula kwa mawu. Kamodzi n'ka mawu ochoka pa waya kulowa mu wailesi, kenako n'ka ochoka mu wailesi kupita pa waya. Mabokosi ali awiri, ndiye malo otchera alipo anayi, ndipo ukasuntha amodzi enawo amasokonekera.

Ife amisiri timayeza kukula kwa mawu ndi mlingo wotchedwa dBm. Mlingo wa 0 dBm ndi milliwatt imodzi, ndipo pa waya wa lamya wa ma ohm 600 imeneyo ndi mavoti 0.775. Ukawonjezera 3 dB, mphamvu yawirikiza kawiri. Mawu a munthu sitingayezere, chifukwa wina amanong'ona, wina amakuwa ngati kondakitala wa pa siteshoni ya mabasi ya Kulima Tower. Timalowetsa kamluzu kosasintha ka 1020 Hz, kutanthauza kogwedezeka maulendo 1020 pa sekondi imodzi. Akatswiri anapewa dala 1000 yeniyeni, popeza makina a digito amajambula mawu maulendo 8,000 pa sekondi imodzi, ndipo kamluzu kogawika ndendende mu nambala imeneyo kamapereka muyezo wosadalirika.

Mawu akachepa amamira m'phokoso la wailesi, lija lokhala ngati mvula pa malata. Izi aliyense amazimvetsa. Zovuta kukhulupirira n'zakuti kuchulukitsa kumawononga kwambiri. Pa wailesi ya FM mawu amagwedeza frequency, malo amene wailesiyo yatcheredwa, uku ndi uku, ndipo pa tchanelo cha 25 kHz malire a kugwedezako ndi 5 kHz. Ukapyola, mkati muli kachipangizo kodula nsonga za mawu, ndiye munthu amamveka wosasa ngati wagona ndi chimfine. Timaliwu ta mabatani oimbira timapindika, nambala n'kumakana kapena kugwera kwa eni ake ena. Wailesi yakale yotayirira imatha kutayikira mpaka pa tchanelo cha mnzako, pomwe laisensi ya ZICTA, bungwe loyang'anira za mauthenga mu Zambia, inakupatsa chako chokha.

Nanga mluzu uja? Lamya ya m'nyumba ili ndi mawaya awiri basi, mawu opita ndi obwera amayenda momwemo. Wailesi imafuna njira ziwiri zosiyana. Chimene chimalekanitsa timachitcha hybrid, ndipo palibe hybrid yosadontha: mawu ena obwera amathawira m'njira yopita. Akakhala ochepa, umangomva kubwereza kwapatali. Koma ukakweza mbali zonse, zodonthazo zimazungulira kuchoka ku Chongwe kufika m'tauni n'kubwereranso zitakula, mpaka kulira ngati maikolofoni ya kutchalitchi yoyandikitsidwa ku sipika. N'chifukwa chake timasiya dala kuti ulendo wonse uzitaya ma dB angapo. Makasitomala sakondwa ndikawauza zimenezi.

Kutchera kwake kumafuna anthu awiri ndi kudekha. Mnzanga anali m'tauni, ine kumunda. Analowetsa kamluzu pa mlingo wolembedwa m'buku la makinawo, n'kutchera mpaka kugwedeza kwa wailesi kutafika 3 kHz. Kenako ine ndinatchera potulukira. Titamaliza mbali imeneyo m'pamene tinatembenuza. Pali msampha umodzi womwe wagwetsa ambiri, ngakhale ine ndemwe pamene ndinali wophunzira: mita yoyezera ili ndi batani loikira ma ohm 600 ake. Ukaliyatsa waya uli kale ndi ma ohm 600 a makina olumikizidwako, mita imawerenga mochepera ndi pafupifupi 3.5 dB, iwe n'kukweza zinthu zomwe zinali bwinobwino. Komanso zala zisamasewere pa mawaya. Mavoti 48 a nthawi zonse sapweteka kwenikweni, koma wina akaimba uli chigwirire, magetsi oliza belu amakulumitsa ndithu.

Zonse zitakhala m'malo mwake, mluzu unatha, koma ku ofesi ya pafamupo mawu anali akadali otsika monga akapitawo ananenera. Tinatsata waya kuchoka pa mlongoti, ndipo kuseri kwa shedi ya fetereza tinapeza polumikiza pomangidwa ndi pepala la pulasitiki, mkuwa utabiriwira ndi chinyezi. Tinadula, n'kulumikiza mwatsopano. Manambala onse anayi ndinawalemba ndi cholembera cha maka mkati mwa chitseko cha bokosi, ndipo mnyamata uja ndinamusiyira ntchito yoyendera wayawo mvula isanayambe mu Novembala.